Makomo Khumi ndi Awiri Amene a Chikwasa Sanawerenge

Uthenga wa maliro a bambo Jailosi Chikwasa unandipeza ndikutongola chimanga pakhonde. Anatuma munthu ndi mwana wawo wamkazi, Mere. Akuti poti ndinagwira nawo ntchito zaka zinayi, ndikalankhuleko kumanda m'malo mwa anzawo a kuntchito. Ndinayankha kuti pakhosi pakundiwawa. Sipankawawa ayi. Kumaliroko ndinapita, paja maliro n'kulirana, ndinakhala pakati pa amayi anzanga n'kuimba nawo nyimbo zonse. Mkulu wa mpingo amene analankhula anati malemuwa anali munthu wa choonadi, wosadziwa bodza chibadwire. Anthu anagwedeza mitu. Ine ndinangoti ndwii kuyang'ana zala za kumapazi kwanga, mtima ukuchita kuwira.

Ndiye ndilankhule pano zimene sindinalankhule kumanda. Ndikudziwa, akuti wakufa sanenedwa zoipa. Komatu mlandu suola. Chaka chimene mvula inadula chimanga chikungomasula, matipate atangoyamba kumene, a Chikwasa ndi kakyuleta yawo anachotsa mudzi wa kwathu, kwa Msambeta, pa mndandanda wa olandira chimanga ndi mbewu. Sindinachite kumva kwa munthu. Ndinalipo.

Anali munthu wamfupi, wouma thupi, wa tayi. Tayi ameneyo sankachoka pakhosi ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Kwawo kunali ku Nathenje, koma Lolemba lililonse ankapalasa njinga kubwera pa Mitundu, n'kubwerera Lachisanu, mwendo wa buluku ataumanga ndi mphira kuti tcheni asaudetse. Ntchito yowerengera zokolola anaiyamba nthawi ya chipani chimodzi. Atapuma, bungwe lina lothandiza anthu pa njala linawalemba kuti apitirize zomwezo, n'kundilemba ine kuti ndizinyamula tepi yoyezera ndi kulemba mafomu. Ofesi yathu inali kachipinda kamodzi kuseri kwa golosale, tebulo limodzi, mipando iwiri. Masana ankadya mbatata ziwiri zophika ndi tiyi wopanda mkaka, atatembenukira kukhoma. Zaka zinayi sanandiuzepo kuti karibu.

Kakyuleta ija inabwera ndi mzungu wina amene anadzaphunzitsa antchito a bungwelo kwa sabata ziwiri. Pochoka anaisiya m'manja mwa a Chikwasa pamodzi ndi kabuku kake ka Chingerezi, ndipo kuyambira tsiku limenelo mkuluyu anasintha ndi kayendedwe komwe. Siinali kakyuleta wamba ya m'golosale ayi. Inali yotalika ngati patapata wa mwana, ya mabatani osawerengeka, kumtunda kwake kuli kagalasi kotuwa. Ukadina batani lina, pagalasipo pankatuluka madanga otsika ngati a m'kope la masamu. M'menemo ankalowetsa matumba a khomo lililonse, limodzilimodzi, akutchula mokweza. Akamaliza ankadina kawiri, makinawo n'kutulutsa avereji, nambala ya pakati, ndi ina yosonyeza ngati zokolola za anthu zikufanana kapena zamwazikana. Kenaka ankadina batani lojambulira, ndipo timizati takuda tinkadzuka pagalasipo kuchokera kumanzere kupita kumanja. Kumanzere ndi okolola pang'ono, kumanja okolola zambiri, ndipo mzati ukatalika ndiye kuti makomo a gulu limenelo achuluka. Imeneyo ndiyo ankati galafu. Ankatinso munthu wosadziwa kuwerenga galafu asalowerere nkhani za akuluakulu.

Anthu a pamsika ankabwera kudzasuzumira pawindo kuti aone kanema wa a Chikwasa. Dzina loti a Avereji linachokera pamenepo. Eni ake ankadziwa kuti amawatcha choncho, ndipo ndikukhulupirira kuti linkawakomera.

Ankaisunga mu sokosi, sokosiyo mu jumbo ya shuga, jumboyo m'thumba la m'kati mwa jekete. Masana mabatire ake anayi ankawayanika pawindo, ati abwerere mphamvu. Mphunzitsi wina wa masamu anabwera kudzapempha kuti aibwereke tsiku limodzi lokha, ophunzira a Folomu 4 aone mmene galafu imajambulidwira. Anamukaniza. Kenaka anapita okha kusukuluko, naimika kalasi lonse pamzere, aliyense adutse, aone, manja ali kumbuyo. Ine ndiye sankandilola n'komwe. Tsiku lina ndinangoisuntha kuti ndipukute tebulo, ha! Anandikalipira mpaka mwini golosale anathamanga kudzaona ngati kwagwa ngozi. Ati manja a mafuta ophikira ndi makina sizigwirizana. Ndinali mayi wa ana awiri, koma kwa iwo ndinali "iwe Nabanda" basi.

Zonena zawo zinali zochepa, koma ankazibwereza mpaka khutu kuwawa. Ankati munthu amanama, nambala sinama. Ankati chimene sichinayezedwe sichilowa m'makina, ngakhale achinene ndi abusa. Za matipate ankati zangobweretsa phokoso, aliyense ndi maganizo ake, koma avereji ndi imodzi ndipo siivoteredwa.

Ndipo panalibe amene anapulumuka kuyezedwa. Kutchalitchi kwawo ku Nathenje anakhala miyezi itatu akuyang'ana wotchi mlaliki aliyense akaima pagome. Tsiku la msonkhano wa akulu a mpingo anatulutsa sokosi ija, nawaonetsa galafu ya kutalika kwa maulaliki. Onse anaunjikana pakati, koma mkulu wina, amene ankakonda kuyamba ndi mbiri ya moyo wake, anali patali yekha kumanja. Mkuluyo sanawapatsenso moni mpaka anamwalira. Kunyumba ankawerenga mazira a nkhuku iliyonse ya akazi awo, a Nambewe, ndipo imene yagwa pansi pa avereji ankalamula kuti iphedwe. Mayiwo anayamba kusamutsa mazira m'mamawa kuti nkhuku yawo ya pamtima ipulumuke. Anandiuza okha akuseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu wotopa.

Inenso anandiyeza. Mwezi wathunthu ankalemba mwakachetechete nthawi imene ndafika kuntchito. Pamapeto pake anandiitana, nandionetsa kuti avereji yanga ili bwino, koma nambala ya kumwazikana ndiyo yaikulu: lero kulawirira, mawa kuchedwa. Ati munthu wochedwa tsiku lililonse ndi wabwinopo, chifukwa umadziwa pomuyembekezera. Ndinawauza kuti masiku ochedwawo mwana ankadwala. Anati m'makinamo mulibe danga la ana.

Chabwino chawo ndisawabisire, ndingachimwe. Munthu wina wa ndale, chipani chake chitangopambana kumeneko, anabwera pa galimoto ya mbendera kudzapempha kuti mudzi wa apongozi ake ulowe pa mndandanda. Anabwera ndi mbuzi. A Chikwasa anamuonetsa galafu ya mudziwo, namuuza kuti mbuzi yakeyo akaimange kwina isanadye mafomu. Pa Mitundu ponse anawatama. Nanenso ndinawatama. N'chifukwa chake zimene anadzachita pambuyo pake zimandinyansa kwambiri. Munthuyu sankaopa akuluakulu, dyera analibe, chiphuphu ankadana nacho. Chimene sankatha n'chimodzi chokha, kunena kuti ndalakwa.

Tsiku limene ndinawada kotheratu ndi limene tinakumana pamsika wa Nathenje mu Malichi. Ndinali nditangochokera ku esiteti ina ya fodya cha ku Malingunde, kumene tinakaika Lute, mwana wotsiriza wa mayi anga aang'ono, a Esinati. Anali ndi zaka zinayi. Anatupa mapazi, tsitsi linafiira, n'kupita. Ndinawapeza a Chikwasa akusankha tomato, ndipo ndinawauza. Anavula chipewa, ulemu umenewo anapereka. Kenaka anati imfa ya mwana imakhala ndi zifukwa zambiri, pali malungo, pali madzi oipa, ndipo kadontho kamodzi sikajambula mzere. Abale inu! Ndinafuna kuwathira mulu wonse wa tomato kumaso. Sindinatero. Ndinati zikomo, n'kuchoka.

Kuti mumvetse za Lute, ndibwerere ku mwezi wa Juni wa chaka cham'mbuyo mwake, anthu atangomaliza kukolola.

Lamulo la bungwe linali losavuta. M'mudzi uliwonse tinkasankha makomo makumi atatu mwa maere. Tikafika pakhomo tinkayeza nkhokwe ndi tepi, kukula kwake ndi pamene chimanga chalekeza, a Chikwasa n'kuwerengera kuti ndi matumba angati. Mudzi umene avereji yake yagwa pansi pa matumba asanu pakhomo unkalowa pa mndandanda. Umene wafika asanu kapena kupitirira, udzionere wokha.

Kwa Msambeta tinafika Lachiwiri. Mudziwo uli pawiri. Makomo a kumunsi ali m'mbali mwa dambo, ndipo ali ndi madimba. A kumtunda ali pa nthaka ya mchenga, imene mvula ikangodula sabata ziwiri chimanga chimapsa. Kumunsi tinapeza anthu, tinayeza nkhokwe khumi ndi zisanu ndi zitatu. Sizinali zodzadza, koma zinali ndi kanthu. Titakwera kumtunda tinapeza kuli zii. Makomo khumi ndi awiri amene maere anagwera anali omanga ndi waya, nthambi za minga atazitsamiritsa pazitseko. Nkhokwe zinali zopanda madenga, zina atazigoneka pansi.

Wobadwira pamudzi safuna womasulira. Minga pachitseko ndiye kuti eni ake apita ulendo wa miyezi, osati wa kumsika. Nkhokwe yopanda denga mu Juni ndiye kuti simunalowe kanthu chaka chimenecho. Nkhalamba ina imene inatsala kuyang'anira nyumbazo inatiuza kuti onsewo ali ku maesiteti, akusankha fodya kuti azilandira ufa. Limodzi la makomowo linali la mayi anga aang'ono.

"Bambo Chikwasa, apa tilembe ziro," ndinatero.

"Wayeza chiyani?"

"Nkhokwe ndi iyi, mulibe kanthu. Mukuona nokha."

"Masiku ano a matipate akuba achuluka, anthu akusunga chimanga m'nyumba. Ukudziwa bwanji kuti sichili m'katimo? Nanga ngati anagulitsa?"

"Ndiye tiyeni tisuzumire pawindo."

"Ine ndisuzumire m'nyumba ya munthu? Ndine wakuba? Iwe Nabanda, lemba kamzere. Mwini palibe, nambala palibe."

Ndinasuzumira ndekha. Munali mphasa yokulunga, mtondo, ndi fungo la makoswe. Ndinawauza. Anati maso anga sali m'gulu la zida zimene bungwe linatipatsa. Ndinalemba timizere khumi ndi tiwiri, tinakwera njinga n'kubwerera.

Ku ofesi analowetsa manambala a nkhokwe khumi ndi zisanu ndi zitatu zija. Avereji inatuluka 7. Timizati tinaima bwinobwino pakati pa galasi. Anamwetulira, nati kwanutu mwalima chaka chino. Sindinagone mtima m'malo masiku awiri. Ndinkangoona mphasa yokulunga ija.

Lachisanu kunkabwera mayi wina wa ku ofesi yaikulu ku Lilongwe kudzatenga mafomu. M'mawa wa tsikulo chubu cha njinga ya a Chikwasa chinaphulika. Anapita nacho kukamatitsa pamsika, ndipo poopa kuti guluu angawadetsere, kwa nthawi yoyamba chiyambire anasiya jekete pampando. Ndinaima n'kuiyang'ana jekete ija. Kenaka ndinapisa dzanja m'thumba.

Zaka ziwiri ndinali ndikuonerera zala zawo, ndiye njira yake ndinkaidziwa ngati ya kuchitsime. Danga lawo sindinalikhudze. Ndinatsegula lachiwiri, n'kukoperamo manambala awo onse monga mmene analili. Kenaka ndinadina ziro, n'kulowetsa. Ziro, n'kulowetsa. Maulendo khumi ndi awiri, ndikutchula eni ake mumtima, kuyambira a Esinati mpaka khomo lomaliza la kuphiri. Nditafunsa avereji, inatuluka 4.2. Nditadina lojambulira, kumanzere kwenikweni, pa ziro penipeni, kunadzuka mzati umodzi wautali kuposa yonse, mpaka kukagunda kumwamba kwa galasi.

Ndinamva fungo la guluu ndisanawaone. Anali ataima pakhomo, chubu chili m'manja.

"Wakhudza."

"Eya, ndakhudza. Taonani."

Ndinkayembekezera mkuntho, koma sunabwere. Anaika chubu pansi, napukuta manja ndi mpango, natenga makinawo. Anayang'ana nthawi yaitali. Anatsika danga langa lonse kuona ngati ndasintha nambala yawo ina. Anatenga pensulo, nawonkhetsa papepala, nagawa ndi makumi atatu, ngati kuti makina awo omwe asiya kuwakhulupirira. Inatuluka yomweyo. Thukuta linayamba kutsika m'mbali mwa khutu, chonsecho kunali Juni, kukuzizira. Munthuyu anamvetsa. Ndikunena motsindika chifukwa ena adzati mwina sanadziwe. Anadziwa.

"Tayenda midzi ingati chiyambire kukolola?" anafunsa, mawu ali pansi.

"Makumi awiri."

"Ndi ingati imene inalibe makomo otseka?"

"Palibe ndi umodzi womwe."

"Ndipo mafomu a midzi khumi ndi isanu anapita kale, dzina langa lili pansi."

"Ndiye tiwauze mayiwo lero. Akakonza. Chimanga sichinayambe kugawidwa."

"Zaka makumi atatu, Nabanda. Mabwana onse amene ndagwirapo nawo, palibe anandibwezerapo pepala kuti ndalakwitsa. Lero ndiime pamaso pa mwana wa dzulodzuloli wovala buluku, ndinene kuti wandikonza ndi mkazi wonyamula tepi?"

"Nkhani ndi ya anthu aja, bambo. Si ya dzina lanu."

Makina aja ali ndi batani limene umauzira galafu poyambira ndi pothera. Analidina. Pamene panali 0 analembapo 1. Anadinanso lojambulira. Timizati tina tonse tinabwerera m'malo mwake, koma mzati wautali uja kunalibe. Maziro anga sanawafute ayi. A Chikwasa kufuta nambala? Chikumbumtima chawo sichikanalola. Anali momwemo m'makinamo, kunja kwa galasi, kumene diso silifika. Anatembenuzira kagalasiko kwa ine, nati, "Galafu yaukhondo ndi imeneyi."

Mayi aja anafika cha m'ma leveni, galimoto yoyera itachita kufiira ndi fumbi. Anali wachitsikana, aulemu, koma ofulumira, chifukwa anali ndi maofesi ena atatu oti ayende tsiku lomwelo. A Chikwasa anawaonetsa galafu, iwo anachita nayo chidwi. Avereji a Chikwasa anawerenga ya danga loyamba, 7 ija. Mayiwo akulemba, anaona pafomu kuti ine kwathu ndi komweko, ndipo anatembenuka.

"Mayi, inu ndi a kwa Msambeta eti? Ndi mmene zilili kumeneko?"

A Chikwasa sanandiyang'ane n'komwe. Ankapukuta kagalasi ndi nsonga ya tayi. Kalata yoti ntchito yanga ipitirire chaka chinacho ankalemba ndi iwo, ndipo kunyumba kwanga wogwira ntchito ndinali ine ndekha. Ndikhoza kuwonjezera zifukwa zina, ndakhala ndikuzitolera zaka zonsezi. Zoona zake n'zakuti ndinachita mantha.

"Ndi momwemo," ndinatero.

Anandipatsa cholembera, ndipo ndinasaina pansi pa dzina la a Chikwasa.

Malole anayamba kubwera mvula yoyamba itagwa. Anthu a kumtunda kwa Msambeta atamva, ananyamuka ku maesiteti wapansi, matumba opanda kanthu atapinda kukhwapa. Anakhala pabwalo la sukulu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akumvetsera mayina a midzi. Wawo sunatchulidwe. Pobwerera, mayi aang'ono anadzera kwanga, Lute ali kumbuyo. Sanandifunse kanthu, ankayesa ine ndine wonyamula tepi chabe. Ndinawapatsa ndowa ya chimanga, ndipo anandithokoza akuwomba m'manja mpaka ndinathawira kuseri kwa nyumba. Mbewu analibe, munda unagona. Anabwerera ku esiteti kukalembetsa utenanti pamodzi ndi ana. Za Lute ndanena kale. Mayiwo sanapondenso kwa Msambeta.

Chimene chimandiotcha kwambiri ndi cha kukolola kotsatira. Bungwe linalemba anthu atsopano anayi, ndipo owaphunzitsa anali a Chikwasa. Ndili pomwepo, ndikumva ndi makutu angawa, anawauza kuti khomo lotseka nalonso ndi nambala. Ati ukapeza minga pachitseko ufunse anansi atatu, usuzumire pawindo, ukatsimikiza ulembe ziro, ndipo galafu iziyambira pa ziro nthawi zonse. Ananena mosaphethira, ngati nzeru yobadwa nayo. Anthu aja analemba m'makope. Midzi ingapo inapulumuka nayo njira imeneyo, sindikukana. Koma za Msambeta sanatchulepo, kwa ine kapena kwa wina aliyense. Ndinagwira nawo zaka zina ziwiri pa tebulo lomwelo, m'mawa uliwonse mwadzuka bwanji, ndadzuka. Bungwe litatseka ofesi ya pa Mitundu, aliyense analowera kwake.

Titabwera kumanda tsiku lija, Mere anandigwira dzanja, nanditengera kuseri kwa nyumba, kumene kuli kakhonde koyang'ana kumunda. Anati zaka zotsirizazi bambo ake maso anasiya kuona, ndipo ankangokhala pamenepo tsiku lonse. Anati katatu konse anatumiza uthenga kwa ine. Ndi zoona, unandipeza katatu, ndipo katatu ndinati ndatanganidwa. Ngati ankafuna kupepesa, njira ya ku esiteti ija akanaifunsa. Wofunika kupepesedwa sindinali ine.

"Ankangoti muitaneni Nabanda, pali nambala ina tikonze," anatero Mere. "Ife tinkayesa ndi ukalamba. Kodi inali nambala yanji, mayi?"

Ndinamuyang'ana. Nkhope ndi ya bambo ake, koma maso ofatsa, otupa ndi kulira. Amene tinaona mzati wautali uja tinalipo awiri basi, ndipo mmodzi tinali titangomukwirira kumene.

"Sindikukumbuka," ndinatero.

Mpando wawo anali ataupititsa kubwalo kuti akhalirepo alendo. Panatsala timaenje tinayi m'dothi, pamene miyendo ya mpandowo inakumba, ndi malo osalala patsogolo pake, pamene ankaponda mapazi. Pakhoma panali banga lakuda, pamene ankatsamiritsa mutu. Mere anati alendo akachoka, mawa kapena mkuja, azira pamalopo ndi dothi latsopano.